Pangano la ntchito labwera m'Chicroatia: kodi foni yokha ingatimasulire?

Funso: Mng'ono wanga wapeza ntchito ya m'khitchini pa hotela ina kufupi ndi mzinda wa Split ku Croatia. Pangano la ntchito ndi makalata ena abwera m'chilankhulo cha kumeneko. Ndayesa kuwamasulira m'Chingerezi pa foni, koma mayina a anthu ndi a mizinda akungosinthasintha, manambala ndi masiku sizikumveka, ndipo sindikudziwa ngati ndikhulupirire zimene foniyo ikunena. Kodi chilankhulochi chimayenda bwanji, nanga mng'ono wangayo ayambire pati kuchiphunzira?

Yankho: Zikomo achimwene. Foni ikuuzani mutu wa nkhani, ndipo pa Chicroatia masiku ano imayesetsa ndithu, koma mng'ono wanu asasaine potengera mawu a foni okha. Mayina, masiku, ndalama ndi timawu tating'ono tokana kapena toika malire, zimenezi muzione ndi maso anu pa pepala lenilenilo. Sizifuna kuti mudziwe chilankhulo chonse. Zifuna kuti mudziwe pamene chimabisa tanthauzo, ndipo Chicroatia chili ngati chinkhanira: mphamvu yake ili kumchira. Ife timasintha mawu kumutu, munda, minda, kumunda, m'munda. Iwo amasintha kumathero, ndipo amene amawerenga mwaliwiro, munthu kaya makina, amaphonya pomwepo.

Eni ake amachitchula *hrvatski*, ndipo dziko lawo amati *Hrvatska*. Ndi cha m'banja la zilankhulo za Asilavo a kummwera, pamodzi ndi za ku Serbia, Bosnia, Slovenia ndi Bulgaria, ndipo chili pa ubale wa patali ndi Chirasha ndi Chipolishi. Croatia ndi dziko laling'ono, kalembera wa mu 2021 anapeza anthu pafupifupi 3.87 miliyoni. Kuyambira pa 1 Julayi 2013, pamene dzikoli linalowa mu European Union, Chicroatia ndi chimodzi mwa zilankhulo 24 zovomerezeka za mgwirizanowo, motero malamulo ambirimbiri alipo m'Chicroatia ndi m'Chingerezi momwe. Ine ndimaona kuti makina amachita bwinoko pa chilankhulo cha malamulo ndi cha m'maofesi kusiyana ndi cha m'macheza. Kwa inu imeneyo ndi nkhani yabwino, poti mwagwira pangano osati uthenga wa pa WhatsApp.

Kuwerenga sikuvuta. Malembo alipo 30, a mtundu womwe timagwiritsa ntchito ifeyo, ndipo lembo lililonse lili ndi liwu lake limodzi losasintha. Anakonza kalembedweka ndi Ljudevit Gaj, yemwe anatulutsa kabuku ka malamulo a kalembedwe mu 1830, ndipo timizere ta pamwamba pa č, š ndi ž anatengera kwa anthu a ku Czech. Ngati mumatsatira mpira, theka la phunziroli mwalidziwa kale. Dzina la Mateo Kovačić lili ndi č ndi ć yemwe, onse awiri amamveka ngati ch wathu, woyambayo wolimba, wachiwiriyo wofewa, ndipo eni ake ambiri sawasiyanitsa polankhula. Š ya Davor Šuker ndi sh. Ž ndi sh yemweyo koma wotuluka ndi liwu la pakhosi. Đ ndi dž amamveka ngati j wa m'mawu oti jekete. Atatu amene amapusitsa Mchewa ndi awa: c amawerengedwa ts ngati m'mawu oti tsiku, choncho *cijena*, mtengo wa chinthu, ndi tsiyena, j amawerengedwa y, choncho mzinda wa Rijeka ndi Riyeka, ndipo nj si nj wa njira ayi, ndi ny wa nyumba.

Pali zina ziwiri zimene lilime lathu limakana poyamba. R amatha kuima yekha popanda lembo la liwu, monga m'dzina la chilumba cha Krk, kapena *trg*, bwalo la mumzinda, ndi *prst*, chala. Mng'ono wanu akaikamo ka i kakang'ono amumva ndithu. Chimene asachite ndi kusakaniza l ndi r monga timachitira kwathu kuno popanda vuto. *Ruka* ndi dzanja, *luka* ndi doko. *Rak* ndi nkhanu kapena khansa, *lak* ndi chopepuka. Nawonso ali ndi mawu amene amasiyana pa kakwezedwe ka liwu kokha, kosalembedwa, monga mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika: *luk* ndi anyezi komanso uta, *grad* ndi mzinda komanso matalala. Nkhani yake ndiyo imakuuzani.

Timizere ta pamwambato musatinyoze. Anthu polemba pa foni amatisiya chifukwa cha ulesi, ndipo makina amasokonezeka, poti *što* ndi "chiyani" pamene *sto* ndi 100, *kuća* ndi nyumba pamene *kuca* ndi "akugogoda". Mukamakopera mawu a m'pangano kuti muike pa foni, koperani ndi timizere tomwe. Ndipo muisankhire nokha chilankhulo, musaisiye kuti ilote.

Tsopano ku mayina akusinthasinthawo. Dzina lililonse m'Chicroatia lili ndi maonekedwe asanu ndi awiri, amene iwo amati *padeži*, malinga ndi ntchito imene likugwira m'chiganizo. Split ndi Split akakhala mwininkhani kapena mukamapitako, *idem u Split*. Mukakhala komweko ndi *u Splitu*, mukamachokako ndi *iz Splita*. Mizinda ina imasintha mpaka m'kati: Rijeka imakhala *u Rijeci*, Zadar amakhala *iz Zadra*. Womasulira ntchito yake ndi kubweza dzina lililonse ku maonekedwe ake oyamba, chifukwa m'Chingerezi kulibe mzinda wotchedwa Splitu. Makina amaidziwa mizinda ikuluikulu, koma pa midzi ing'onoing'ono ndi mayina a anthu amangosiya mchirawo uli pomwepo, ndiye inu n'kumaganiza kuti pali anthu atatu pamene ndi mmodzi.

Tengani dzina la Ivan Horvat, lomwe kumeneko ndi lofala kwambiri moti amaligwiritsa ntchito ngati chitsanzo. M'kalata imodzi mutha kulipeza ngati *Ivana Horvata*, *Ivanu Horvatu* ndi *Ivanom Horvatom*, yense ndi bambo mmodzi. Vuto ndi lakuti Ivana ndi dzinanso la akazi. Chokuuzani ndi dzina lachiwirilo: la mwamuna limasintha, la mkazi likathera ndi lembo lopanda liwu silisintha. *Ivana Horvata* ndi bambo Ivan, *Ivana Horvat* ndi mayi Ivana. Lembo limodzi lokha. Mayina athu nawo sawasiya. Bambo Phiri m'kati mwa chiganizo adzakhala *Phirija* kapena *Phiriju*, bambo Banda adzakhala *Bande*, *Bandi* kapena *Bandu*, ndipo kumeneko si kulakwitsa. Malo oyenera kuyang'anitsitsa ndi m'mizere yolembamo dzina ndi posainira, pamenepo lilembedwe ndendende monga lilili m'pasipoti. Dziko lathu amalilemba *Malavi*, ndipo mng'ono wanu podzitchula adzati *Ja sam iz Malavija*.

Michira imeneyi ndiyo imalola kuti mawu aime paliponse m'chiganizo, ndipo apa ndi pamene pangano lingakupwetekeni. *Radnik* ndi wantchito, *poslodavac* ndi wolemba ntchito, *smještaj* ndi malo ogona, *plaća* ndi "amalipira". Chiganizo choti *Radnik poslodavcu plaća smještaj* chikunena kuti wantchito ndiye amalipira bwana ndalama ya malo ogona. Choti *Radniku poslodavac plaća smještaj* chikunena kuti bwana ndiye amamulipirira wantchito. Ziganizo zonse ziwiri zayamba ndi wantchito. M'Chingerezi woyamba kutchulidwa ndiye wochita, koma kuno wochita ndi amene alibe mchira, ndipo amene ali ndi -u kumathero ndiye wolandira. Paliponse pamene pangano likukamba za ndalama ya nyumba, chakudya, tikiti ya ndege kapena chilolezo, pezani mawu awiriwa ndipo muone amene ali ndi -u.

Pa aneni, Mchewa ali ndi mwayi woposa Mngelezi. Mneni amanena yekha amene akuchita, *radim, radiš, radi, radimo, radite, rade*, monga ife timati ndikugwira, ukugwira, akugwira, osafunika kutchula ine kapena iwe. Koma *radi* sanena ngati ndi mwamuna kapena mkazi, pamene Chingerezi chimaumiriza kusankha "he" kapena "she", ndiye makina amangolota. Mukaona munthu mmodzi akusanduka mkazi pakati pa kalata, chifukwa chake n'chimenecho. Pa zakale ndi pamene mneni amaulula: mwamuna amati *radio sam*, mkazi amati *radila sam*. Mayina ali m'magulu atatu, lachimuna, lachikazi ndi lapakati, ndipo afotokozi amatsatira gulu, monga mumamvera m'malonje: *dobar dan*, *dobra večer*, *dobro jutro*. Ife amene timati munthu wabwino, chinthu chabwino, zinthu zabwino, zimenezi sizitidabwitsa.

Chachikulu pa aneni n'chakuti ambiri amayenda awiriawiri, wina wa ntchito yochitika kamodzi n'kutha, wina wa ntchito yopitirira kapena yobwerezabwereza. *Platiti* ndi kulipira kamodzi, *plaćati* ndi kumalipira. *Poslodavac će platiti* ndi "bwana adzalipira", *poslodavac će plaćati* ndi "bwana azidzalipira". Chichewa chikusiyanitsa bwinobwino, koma foni ikhoza kukupatsani "will pay" pa zonse ziwiri, ndipo simudziwa ngati nyumba alipira mwezi woyamba wokha kapena miyezi yonse. Womasulira wodziwa ntchito amawonjezera mawu m'Chingerezi kuti kusiyanako kuoneke. Chenjeraninso ndi *ne mora* ndi *ne smije*. *Mora* ndi "ayenera", koma *ne mora* ndi "sakukakamizidwa", pamene kuletsa kwenikweni ndi *ne smije*. Kukana kawiri m'chiganizo chimodzi n'kololedwa ndipo kumakhalabe kukana: *Radnik ne mora ništa platiti* ndiye kuti wantchito sakukakamizidwa kulipira kalikonse. Timawu ta "a" ndi "the" iwo alibe, monga ifenso tilibe, womasulira amachita kuikamo yekha.

Manambala amalembedwa mosemphana ndi mmene tinaphunzirira kusukulu. Kadontho kamagawa masauzande, kamchira ka koma ndiko kamayambitsa masenti. Mukaona 1.250,00 ndiye kuti 1,250 yathunthu, osati imodzi ndi kota. Onaninso ngati ndalamayo ndi *bruto*, asanadule msonkho ndi za penshoni, kapena *neto*, yolowa m'thumba, chifukwa mapangano ambiri amalemba *bruto* ndipo kusiyana kwake si kwamasewera. Ndalama ya dzikolo ndi euro kuyambira pa 1 Januwale 2023, pamene inalowa m'malo mwa kuna pa mtengo wa kuna 7.53450 pa euro imodzi. Pangano lolembedwa lero limene likutchula malipiro mu kuna ine lingandikayikitse. Pa ndalama zikuluzikulu za m'nyuzi, *milijarda* ndiye biliyoni yathu, pamene *bilijun* ndi thililiyoni.

Miyezi ili ndi mayina awoawo osafanana n'komwe ndi a Chingerezi: *siječanj, veljača, ožujak, travanj, svibanj, lipanj, srpanj, kolovoz, rujan, listopad, studeni, prosinac*, kuyambira Januwale mpaka Disembala. Ambiri amachokera ku ntchito za kumunda ndi nyengo. *Srpanj*, Julayi, ndi mwezi wa chisikilo, *kolovoz*, Ogasiti, ndi wa ngolo zotuta zokolola, *listopad*, Okutobala, ndi wa kuyoyoka kwa masamba. Polemba tsiku nawonso amasintha mchira: *1. lipnja* ndi pa 1 Juni, *30. rujna* ndi pa 30 Seputembala, *15. studenoga* ndi pa 15 Novembala. Ntchito za m'mahotela a m'mphepete mwa nyanja zimayendera nyengo ya alendo, choncho tsiku lotha pangano ndi lofunika kwambiri, ndipo *listopad* ndi msampha weniweni: ku Poland ndi ku Czech mawu omwewo ndi Novembala. Foni ikalota molakwa chilankhulo, imakuwonjezerani mwezi umene kulibe. Pa nthawi, mapepala amalemba mwa maola 24, *od 14 do 22 sata*, koma pakamwa bwana akati *pola osam* akutanthauza 7:30, theka la ulendo wopita ku 8. Amene anazolowera "half eight" ya ku Britain amafika mochedwa ndi ola lathunthu.

Mawu ena a m'pangano ndi oti muwapeze ndi chala. *Na određeno vrijeme* ndi ntchito ya nthawi yoikika, *na neodređeno vrijeme* ndi yokhazikika, kusiyana kwake ndi ka *ne* ka pakatiko. *Probni rad* ndi nthawi yoyesedwa, ndipo lamulo la ntchito la dzikolo sililola kuti ipitirire miyezi 6. *Puno radno vrijeme* ndi ntchito ya maola onse, osapitirira 40 pa sabata, ndipo oonjezera ndi *prekovremeni rad*. *Godišnji odmor* ndi tchuthi cha pachaka, chosachepera masabata 4 kwa wogwira chaka chathunthu, *otkazni rok* ndi nthawi ya notisi. Dzina la kampani likathera ndi *d.o.o.* ndiye kuti ndi kampani ya ngongole zokhala ndi malire, *d.d.* ndi ya masheya, ndipo *obrt* ndi bizinesi ya munthu payekha. Zilembo zimenezi sizimasuliridwa kukhala "Ltd", ndi mbali ya dzina. Pafupi pake padzakhala OIB, nambala ya manambala 11 imene munthu aliyense ndi kampani iliyonse imakhala nayo. Itengeni mukaifufuze pa *sudski registar*, kaundula wa makampani amene ali pa intaneti kwaulere, muone ngati dzina, adiresi ndi amene wasaina zikugwirizana. Mabizinesi a *obrt* ali ndi kaundula wawo, *obrtni registar*. Anthu onamiza anzawo ndi ntchito za kunja achuluka, ndipo kufufuzaku ndi kwa mphindi zochepa.

Palinso mawu ooneka ngati Chingerezi koma a mtima wina. *Eventualno* ndi "mwina, ngati kungafunike", osati "pamapeto pake", choncho bonasi yolembedwa ndi mawu amenewa musaiwerengere. *Aktualno* ndi "za panopa". *Akcija* m'sitolo ndi kutsitsa mitengo, *ordinacija* ndi chipinda cha dokotala, *recept* ndi pepala la mankhwala komanso kaphikidwe ka chakudya, *gimnazija* ndi sekondale osati kochitira majimu. Magiredi a kusukulu nawo ndi otembenuza: kumeneko 5 ndiye wapamwamba, 2 ndi kungodutsa, 1 ndi kulephera. Pa MSCE yathu 1 ndiye nsonga. Satifiketi ya mng'ono wanu ikamasuliridwa popanda kufotokoza makwerero ake, amene anakhoza ndi mapointi abwino adzaoneka ngati mbuli. Umirirani kuti tsamba lofotokoza magiredi limasuliridwe limodzi.

Pamenepa mwaona kuti mapepala ena ayenda ulendo wobwerera, kuchoka m'Chingerezi kupita m'Chicroatia, ndipo kumeneko foni ilibe mawu. Maofesi a boma amafuna *ovjereni prijevod*, kumasulira kotsimikizidwa ndi womasulira wolumbira, *sudski tumač*, amene amadinda chidindo, kusaina, n'kumanga pepala loyambirira ndi lomasulira pamodzi ndi kachingwe kofiira, koyera ndi kabuluu. Kachingweko musamasule. Mapepala ngati a kupolisi kawirikawiri amafunanso chidindo cha apostille, chotsimikiza kuti pepalalo ndi lenileni, kuchokera kudziko kumene anaperekedwa, ndipo Malawi ndi Croatia onse ali m'pangano la ku Hague la 1961 loyendetsa chidindocho. Chilolezo chenicheni chokhala ndi kugwira ntchito ndi *dozvola za boravak i rad*, chimaperekedwa ndi unduna wa za m'dziko, MUP, kudzera kupolisi. Pangano la ntchito palokha si chilolezo.

Kunena zoona, pali zina zimene Chingerezi chimataya koma Chichewa chikanasunga. Iwo ali ndi *ti* ndi *Vi*, ndendende iwe ndi inu, pamene Chingerezi chimangoti "you". Mng'ono wanu alankhule *Vi* kwa bwana ndi kwa aliyense wamkulu mpaka iwo eni atanena kuti *možemo na ti*, tikhoza kumatchulana iwe. Pa ubale, mchimwene wa mayi ndi *ujak*, malume, ndipo mchimwene wa bambo ndi *stric*, koma onse amasanduka "uncle". Musayese kudumpha Chingerezi pomasulira pa foni kuchoka m'Chicroatia kupita m'Chichewa mwachindunji, chifukwa kawirikawiri makina amadzerabe m'Chingerezi mobisa, ndiye mumalandira zolakwa za maulendo awiri.

Chilankhulo cha m'pangano ndi cha m'mabuku, koma cha m'khitchini ya ku Split ndi china. Dzikolo lili ndi malankhulidwe akuluakulu atatu otchulidwa ndi mmene amanenera "chiyani": *što*, pamene pachokera chilankhulo cha m'sukulu, *kaj* cha ku Zagreb ndi kumpoto, ndi *ča* cha ku Istria, kuzilumba ndi mbali zina za gombe. Ku Dalmatia, dera la Split, amameza mawu: *mlijeko*, mkaka, amati *mliko*, *lijepo* amati *lipo*, ndipo m wa kumathero amasanduka n, *nisam* n'kukhala *nisan*. Gombe limeneli linalamulidwa ndi Venice, mzinda wa ku Italy, kwa zaka mazana angapo, choncho ziwiya zambiri zili ndi mayina ochokera ku Chitaliyana. Buku limuphunzitsa kuti mbale ndi *tanjur*, foloko ndi *vilica*, anyezi ndi *luk*, tomato ndi *rajčica*, thaulo ndi *ručnik*, khitchini ndi *kuhinja*. Wophika wamkulu adzakuwa kuti *pijat*, *pinjur*, *kapula*, *pomidor*, *šugaman*, *kužina*. Nsomba amaotcha pa *gradele*, ndipo chakudya cha m'ma 10 koloko ndi *marenda*, chomwe ku Zagreb amati *gablec*, kuchokera ku Chijeremani. Mawu amenewa ambiri foni siwadziwa. Akhale ndi kakope m'thumba, azilemba mmene wamvera, n'kumafunsa kuti *Kako se ovo zove?*, ichi chimatchedwa chiyani. Mawu amene adzawamve tsiku lililonse ndi *pomalo*, pang'onopang'ono, amene kumeneko ndi moni, ndi malangizo, ndi chitonthozo pamodzi.

Adzagwira ntchito ndi anthu a ku Bosnia ndi Serbia, ndipo adzaona kuti amamvana ndi a ku Croatia popanda womasulira. M'nthawi ya Yugoslavia, pamene maiko amenewa anali dziko limodzi, chinkatchedwa chilankhulo chimodzi, ndipo akatswiri amatsutsanabe mpaka pano ngati ndi chimodzi kapena zingapo. Ife nkhani yotere si yachilendo, poti chimene ku Malawi chinatchedwa Chichewa mu 1968 ku Zambia ndi Chinyanja. Koma kumeneko pakati pake panadutsa nkhondo, kuyambira 1991 mpaka 1995, ndipo mabala ake sanapole onse. Ali ku Croatia azingoti *hrvatski*, basi. Mabuku olembedwa kuti "Serbo-Croatian" kapena BCS, chidule cha Bosnian, Croatian ndi Serbian, angamuthandize pa galamala, koma asamale mawu: buledi ku Croatia ndi *kruh* osati *hleb*, sauzande ndi *tisuća*, sitima ya pamtunda ndi *vlak*, sabata ndi *tjedan*, mpira ndi *nogomet*. Malembo ofanana ndi a Chirasha, amene ku Serbia amagwiritsidwa ntchito, iye sakuwafuna. Akadzagwira kandalama ka 1, 2 kapena 5 senti ka ku Croatia adzaonapo timalembo tachilendo. Amenewo ndi malembo akale a Glagolitic, omwe ali pa mwala wa ku Baška pa chilumba cha Krk wa m'ma 1100, ndipo anthu ake amawanyadira kwambiri ngakhale ndi ochepa amene angawawerenge.

Poyambira ndi malonje ndi mawu opulumukira: *dobar dan*, *hvala*, zikomo, *molim*, chonde kapena "mwati bwanji", *oprostite*, pepani, *ne razumijem*, sindikumva, *možete li ponoviti*, mungabwereze, *koliko košta*, ndi ndalama zingati, ndi *doviđenja* potsanzika. Kenako manambala, podziwa kuti dzina lotsatira nambala limasintha katatu: *jedan sat*, ola limodzi, *dva sata* mpaka pa 4, *pet sati* kuyambira pa 5. Matebulo a maonekedwe asanu ndi awiri aja asawaloweze pamtima sabata yoyamba, amafooketsa. Aloweze ziganizo zathunthu ziwiriziwiri, *idem u kuhinju*, ndikupita kukhitchini, ndi *ja sam u kuhinji*, ndili m'khitchini, komanso *nema kruha*, *nema vode*, buledi palibe, madzi palibe, ndipo khutu lidzayamba lokha kuyembekezera mchira woyenera. Akalakwitsa mchira anthu amumvabe. Croaticum, malo ophunzitsira alendo Chicroatia pa yunivesite ya Zagreb, ili ndi maphunziro aulere a pa intaneti a oyamba kumene, ofotokozedwa m'Chingerezi, ndipo ndi abwino kuposa timapulogalamu tambiri ta pa foni. Dikishonale ya pa intaneti ya Hrvatski jezični portal imaonetsa michira yonse ya liwu lililonse, ngakhale imafotokoza m'Chicroatia chokhachokha.

Za panganolo, chitani izi lisanasainidwe. Mng'ono wanu alembe imelo yoyamba ndi *Poštovani*, olemekezeka, yotha ndi *S poštovanjem*, ndipo pakati pake aike chiganizo ichi: *Molim Vas da mi pošaljete ugovor i na engleskom jeziku*, chonde munditumizire panganoli m'Chingerezinso. Mahotela amene amalemba ntchito alendo ambiri amakhala nalo kale la zilankhulo ziwiri. Likabwera, pitani ku ndime zomaliza mukafune liwu loyamba ndi *mjerodav-*, monga *mjerodavna* kapena *mjerodavan*. Limanena kuti pakakhala kusagwirizana, lolembedwa m'chilankhulo chiti ndilo lidzagwire ntchito kukhoti, ndipo nthawi zambiri ndi la Chicroatia. Zikatero, ndime za malipiro, malo ogona, zodulidwa pa malipiro ndi tsiku lotha ntchito mulipire womasulira weniweni aziyerekeze mbali zonse ziwiri, ngakhale atakhala masamba awiri okha.